Wakuba wa lero amayamba ndi moni

Kuno ku Lifuwu ndalama zili ndi nyengo yake. Mpunga ukakololedwa, cha m'ma June ndi July, mavenda ochokera ku Lilongwe amatsetsereka ndi masikelo awo kudzagula Kilombero ndi Faya. Usipa ukaphedwa wambiri, amayi a geni amachezera pagombe kudikira maboti. Kale ndalama zoterezi zinkamangidwa pansonga ya chitenje kapena kubisidwa kunsi kwa mkeka, ndipo wozifuna ankayenera kuboola nyumba usiku agalu akuuwa. Chibwerereni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndalama zambiri zidasamukira m'foni. Wakuba naye adasamuka nazo. Masiku ano saboola khoma ndipo sanyamula chikwanje. Amaimba lamya dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba ndi moni waulemu kuposa wa mkamwini.

Akatswiri oteteza makompyuta ndi zinsinsi za anthu mchitidwe umenewu amautcha pretexting. M'chinenero chathu tingoti ndi kubera munthu ndi nkhani yopeka, wakubayo atavala udindo wa eni ake. Amadzisandutsa mphunzitsi, dokotala, wapolisi kapena wogwira ntchito kukampani ya mafoni, n'kukuyalira nkhani yoti ukaimva uone kuti chanzeru n'kuchita zomwe akunenazo pompopompo. Foni yako saigwira n'komwe. Nambala yachinsinsi umadina wekha ndi chala chako, mwinanso n'kumuthokoza pomaliza.

Tisasokoneze ndi timauthenga tija timangogwa m'foni, toti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Otumiza timauthenga timeneti ndi asodzi a khoka, amakokolola chilichonse chimene chalowamo. Amene ndikunena ine ndi wa mbedza. Amasankha nsomba imodzi, n'kuika nyambo imene nsombayo imadya, ndipo amaleza mtima kulankhula nawe mpaka utameza.

Mayi ena a m'mudzi woyandikana ndi sekondale yoyendera imene ndimaphunzitsa adandifotokozera mmene zidawachitikira. Mwana wawo wamkazi adasankhidwa kupita kusukulu yogonera komweko m'boma lina. Tsiku lina chakumadzulo, patangotha sabata atagulitsa mpunga, foni idalira.

"Mwaswera bwanji mayi? Pepani ndakuimbirani mosayembekezera. Ndine mphunzitsi kuno kusukulu kwa mtsikana wanu uja wa Fomu, aa, Fomu..."

"Fomu 2," mayiwo adamuthandiza, n'kutchulanso dzina la mwanayo.

"Eya, yemweyo. Mtima m'malo mayi, koma wakomoka m'kalasi, panopa tili naye kuchipatala. Mankhwala amene akufunika kuno kulibe, akuti tikagule kufamase. Ndikadalipira ndekha, kungoti mwezi uli pakati. Taimani mulankhule ndi adokotala."

Padabwera mawu ena, achibambo, osakaniza ndi Chingerezi. Adatchula dzina lalitali la matenda, n'kunena kuti pakufunika K85 000 ola lisanathe. Adawauza kuti asadule foni, apite kwa ejenti ali pa lamya pomwepo. Mayiwo adathamanga osavala ndi nsapato zomwe. Ejenti atafunsa kuti ndalamazo zikupita kwa ndani, adamukalipira kuti afulumire, mwana akufa. Atatumiza adabwerera kunyumba kukalongedza za paulendo, ndipo mpamene alongo awo adaganiza zoimbira mayi woyang'anira atsikana kusukuluko. Mwanayo adali bwinobwino, ali pamzere wa nsima ya nyemba.

Ine ndimaphunzitsa Chichewa, ndipo gawo lina la ntchito yanga ndi kuzukuta masewero ndi ana a Fomu 3 ndi 4. Lamya imeneyi ndikaiganizira ndimaona sewero lolembedwa mwaluso. Muli atengambali awiri: mphunzitsi wachifundo amene malipiro amuthera, ndi dokotala wa Chingerezi amene munthu wamba sangatsutsane naye. Muli chiopsezo chogwira pamtima penipeni pa kholo. Muli nthawi yoperewera, ola limodzi, kuti munthu asapeze mpata woganiza. Ndiye pali lamulo lija loti musadule foni, limene ndi msana wa sewero lonse, pakuti foni ili kukhutu mayiwo sakadatha kuimbira wina aliyense. Taonaninso kuti woimbayo sankadziwa kalasi ngakhale dzina la mwana. Adangochita chibwibwi pang'ono, mayiwo n'kumupatsa okha.

Komabe chinthu chimodzi ankachidziwa, choti nambala imeneyi ndi ya kholo la mtsikana wogonera kusukulu. Adazitenga kuti? Manambala athu ali mbwee. Kope la ejenti, mmene timalemba dzina, nambala ndi ndalama zimene tatapa, limakhala chotsegula pathebulo, aliyense wobwera pambuyo n'kumawerenga. Magulu a WhatsApp a makolo, a kumpingo, a kumzikiti ndi a banki m'khonde amaonetsa nambala ya membala aliyense, ndipo ena mwa mamembalawo palibe amawadziwa kuti adalowa liti. Mabungwe amabwera m'midzi kudzalemba maina pansi pa mtengo, mapepalawo osadziwika kumene amakathera. Ine ndidagulapo zitumbuwa zokulungidwa m'pepala la ofesi ina, pali maina a anthu, midzi yawo ndi manambala awo a foni, mafuta atanyowetsa. Pa Facebook timaika chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, dzina la sukulu likuoneka pachifuwa, n'kulemba kuti Mulungu ndi wabwino. Ndi wabwinodi, koma oona chithunzicho si abale okhaokha.

Zovala za seweroli amasintha potengera nyengo. Bungwe loona za mauthenga la MACRA litalamula mu 2018 kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, ambiri tidakalembetsa ndi chiphaso cha unzika chimene tidajambulitsa mu 2017. Pomwepo padabadwa "wa kukampani" wochenjeza kuti nambala yako itsekedwa lero ukapanda kudina zimene akuuze. Nyengo ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ikafika amasanduka wa ku ofesi ya zamalimidwe. Nthawi zina ndi wa Mtukula Pakhomo, akuti dzina la agogo latuluka koma pakufunika kandalama kotsegulira. Amene ali ndi abale ku Joni amaimbiridwa ndi "dalaivala" amene wanyamula katundu wawo, waima pachipata cha Dedza kapena Mwanza, akufuna ya msonkho. Kuno ku Salima, kumene anyamata amakula akuona asilikali a ku MAFCO ndi a ku Senga Bay, nyambo ya ntchito ya usilikali imakola msanga: wodzitcha bwana amalonjeza kulowetsa dzina pamndandanda. Ngakhale maejenti enieniwo amaimbiridwa ndi wodzitcha mkulu wa kulikulu, kuwauza kuti akuyesa makina, atumize ndalama zibwerera posachedwa.

Ya asodzi ndiyo imandiwawa kwambiri. Chilumba cha Mbenje chikatsegulidwa mu April, amuna amakakhala kumeneko masabata angapo, ndipo mwambo wa pachilumbapo sulola akazi kupondapo. Mayi wotsala kumudzi akauzidwa kuti mwamuna wake wavulala ndi mwera, kapena kuti injini yafera pakati pa nyanja, alibe njira yokadzionera yekha. Akaimba foni ya mwamunayo n'kupeza kuti siikupezeka, chifukwa yatha moto monga zimakhalira kunyanja, iye amaona ngati umboni wa ngoziyo.

Ndalama zotayika si zamasewera. Mu 2023 mkulu wa MACRA panthawiyo, a Daud Suleman, adati Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni. Ndikaona mmene oberedwa ambiri amabisira nkhani zawo chifukwa cha manyazi, ndimaganiza kuti zenizeni zimaposa pamenepo. Apolisi ndi nyuzipepala akhala akunena kuti lamya zambiri zoterezi zimachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, monga mmene ku Kenya mbiri yomweyi idakakamirira ndende ya Kamiti. Zikumveka ndithu, poti munthu wa m'ndende nthawi ali nayo yambiri, yoyeserera mawu a dokotala ndi kuimbira anthu makumimakumi mpaka mmodzi akole. Koma foni siuluka yokha kudumpha mpanda, ndipo ndalama satapira m'selo. Kunja kuno kuli anzawo, otapa ndalamazo ndi olembetsa masimukhadi pa ziphaso za anthu ena, kuphatikizapo za agogo a kumudzi amene adabwereketsa chiphaso posinthana ndi kangachepe.

Ndimamva anthu pamsika akuseka oberedwa, amvekere ndi umbuli, ndi uchimidzi. Ine ndikukana. Mchitidwewu wagwetsapo anthu amene makompyuta ndiwo munda wawo. Kevin Mitnick wa ku America, amene adamangidwa mu 1995 atasautsa makampani akuluakulu a mafoni ndi makompyuta, zinsinsi zambiri ankazipeza pongoimba lamya n'kudzitcha mnzawo wa nthambi ina ya kampani yomweyo. Atatuluka m'ndende adalemba buku lofotokoza njira zimenezi, The Art of Deception, mu 2002. Mu 2006 kampani ya Hewlett-Packard idalemba ntchito ofufuza kuti apeze amene ankaulula zinsinsi za bodi yake kwa atolankhani. Ofufuzawo ankaimbira makampani a mafoni n'kunamizira kuti ndi eni manambala, ndipo ankapatsidwa mndandanda wa lamya zimene mamembala a bodi ndi atolankhaniwo adaimba. Nkhaniyi itaphulika wapampando wa bodiyo, Patricia Dunn, adatula pansi udindo, ndipo dziko la America lidakhazikitsa lamulo loletsa kupeza zolembedwa za lamya za munthu wina mwabodza.

Mu July 2020 achinyamata angapo adalowa m'makina a Twitter. Mtsogoleri wawo adali wa zaka 17, msinkhu wa ana anga a Fomu 3. Sadathyole chilichonse. Inali nthawi ya Covid-19, ogwira ntchito ambiri akugwirira kunyumba, mavuto olumikizana ndi makina a kampani ali a tsiku ndi tsiku. Achinyamatawo adawaimbira ngati a ku nthambi yokonza makompyuta amene akufuna kuwathandiza pa vuto lomwelo, ndipo ena adapereka makiyi awo. Maakaunti a Barack Obama, Joe Biden ndi Elon Musk adalandidwa, ndipo m'maola ochepa akubawo adatolera madola oposa 100 000. Ngati wogwira ntchito ku Twitter adameza mbedza, mayi wa ku Lifuwu amene akumva kuti mwana wake akufa timuseka chifukwa chiyani?

Ena amati mankhwala ake n'kukayika. Kukayika kokha sikukwanira, ndipo nkhani yakale ya Isake ndi ana ake, ya mu Genesis 27, imatiphunzitsa zimenezi kuposa buku lililonse la makompyuta. Isake maso atachita khungu, Yakobo adabwera kudzalanda madalitso a mkulu wake atavala zovala za Esau, zikopa za mbuzi zili m'manja ndi m'khosi. Za nthawi yoyenera ndi chakudya choti anyamule adamuuza ndi munthu wa m'nyumba momwemo, amayi ake Rebeka. Mkuluyo adakayika. Adadabwa kuti nyama yapezeka msanga bwanji, adamva kuti mawuwo si a Esau, adamukhudza manja, adanunkhiza zovala. Adafufuza ndithu. Vuto n'lakuti umboni wonse umene adauyesa udali wobwera ndi wonyengayo. Akadangodikira pang'ono, kapena kuitana munthu wina wa maso kuti amuonere, sewero likadathera pomwepo. N'chimodzimodzi ife. Ukafunsa woimbayo kuti atsimikize kuti ndi wa kusukuludi, akupatsa "ahedi" kuti ulankhule nawo, ndipo ahediwo ndi mnzake wokhala naye pa mphasa imodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti wakubayu amayendera pa makhalidwe athu abwino. Tidaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri, kuti mlendo amalandiridwa, kuti pa matenda ndi pa maliro munthu sawerenga ndalama. Kufunsa adokotala kuti "ndinu ndani, ndipo ndidziwa bwanji?" kwa ife kumamveka ngati mwano. Kudulira munthu foni akulankhula ndiye n'kusaleredwa kwenikweni. Wakuba zonsezi amazidziwa, n'chifukwa chake amayamba ndi ulemu, kuti nawe umangike ndi ulemu.

Chinanso, bodzali limamera pa nthaka ya zoona. Mayi aja adakhulupirira zogula mankhwala kufamase chifukwa zimachitikadi. Mnyamata amakhulupirira kuti ntchito ili ndi mtengo wake chifukwa wakula akumva za ziphuphu. Ndipo maofesi ambiri enieni, sukulu zomwe, amachita zinthu mofanana ndi akubawo: amaimbira anthu ndi nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088, n'kunena kuti ndalama ya chakutichakuti itumizidwe pa foni ya munthu wina wa mu ofesimo. Woona ndi wabodza akavala mofanana, mlimi awasiyanitsa bwanji? Ofesi iliyonse yolandira ndalama za anthu iyenera kukhala ndi nambala imodzi yodziwika, yolembedwa pakhoma, yosasinthasintha. Izi sizilira thandizo la maiko akunja.

Malamulo alipo. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu pa gawo 319 la malamulo a milandu m'dziko muno. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security, ndipo mu 2024 kudabwera la Data Protection, lolamula osunga maina ndi mbiri za anthu kuti azizisamala. Lomalizali ndikadakonda litatsika m'maofesi a ku Lilongwe n'kufika pa kope la ejenti ndi pa pepala la zitumbuwa lija. Koma lamulo limayenda wapansi pamene ndalama ya pafoni ili pa liwiro. Ikalowa kwa wakuba imatapidwa kapena kudumphitsidwa pa manambala angapo m'mphindi zochepa. Choncho woberedwa asayambe wagona ndi manyazi: aimbire kampani ya foni nthawi yomweyo, apite kupolisi ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, osaufufuta. Ngakhale ndalama isabwerere, nambalayo ikhoza kutsekedwa isanalume wina.

Chitetezo chenicheni chili m'mphindi zisanu zoyambirira, ndipo n'chosavuta kunena: dulani foni. Dulani ngakhale woimbayo akulira, akuopseza kapena akutchula dzina la mwana wanu molondola. Kenako imbani inuyo, pa nambala imene mudali nayo kale, ya mphunzitsi amene mumamudziwa, ya mwini boti, ya m'bale wa ku Joni mwini wakeyo. Ngati siikupezeka, yesani ya munthu wina wokhala naye pafupi. Dokotala weniweni sasiya wodwala kumwalira chifukwa kholo ladula foni mphindi zisanu. Nambala yachinsinsi ndiye musauze munthu, kaya akuti ndi wa kukampani, kaya ndi wa boma. Makampani a mafoni eni ake amalengeza pawailesi kuti saifunsa. Ndipo isakhale chaka chanu chobadwa, poti chakacho chili pa chiphaso chimene mwachisiya m'mafotokope ambirimbiri. Maejenti nawo, ngakhale akalipiridwe ngati uja adakalipiridwa ndi mayi aja, asaleke kufunsa akaona munthu akutumiza ndalama foni ili kukhutu, thukuta lili kamukamu. Dzina limene limatuluka pa foni ndalama isanapite liziwerengedwa mokweza.

Kutsogoloku ngakhale khutu silidzathandiza. Kumayambiriro a 2024 ku Hong Kong, wogwira ntchito pa kampani ya Arup adaitanidwa ku msonkhano wa pa vidiyo kumene adaona ndi kumva mkulu wa zachuma wa kampaniyo ndi anzake ena. Onsewo adali zithunzi ndi mawu opangidwa ndi kompyuta, ndipo iye adatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni. Makina otengera mawu a munthu akutsika mtengo chaka ndi chaka, ndipo mawu athu tawamwaza kale m'mauthenga a WhatsApp. Tsiku likubwera loti woimba sadzakhalanso mphunzitsi wa mwana wanu, adzakhala mwana wanuyo, akulira ndi mawu ake enieni. Mabanja ena ayamba kugwirizana liwu lachinsinsi, monga dzina la galu amene adafa kalekale, loti wopempha ndalama mwadzidzidzi ayambe walitchula.

Pamsonkhano wa makolo teremu yatha tidakambirana nkhaniyi, ndipo tidagwirizana kuti manambala awiri a sukulu azilembedwa kuseri kwa lipoti la mwana aliyense, komanso kuti sukulu siidzapempha ndalama pa lamya. Agogo ena amene akulera adzukulu atatu adaimika mkono.

"Aphunzitsi, nanga ife osatha kuwerenga manambalawo tiwaona bwanji?"

Mdzukulu wawo wa Fomu 4 adatenga kafoni kawo ka mabatani, n'kuika nambala ya sukulu pa batani la 2, loti akalidina mokhalitsa iziimba yokha. Agogowo adayesa pomwepo, foni ya ahedi n'kulira m'thumba, holo yonse kuseka.